Mawa, mkuja ndi "next Friday": mafunso ndi mayankho pa masiku m'Chingerezi

Mauthenga ambiri ofika kuno ku Chigwa cha Shire amabwera m'Chingerezi, kaya ndi a ku sukulu, ku chipatala, ku mabungwe ogawa thandizo kapena a ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo. Kawirikawiri munthu amamva uthenga wonse koma n'kuphonya tsiku.

Kodi Chingerezi chili ndi mawu otchulira dzana ndi mkuja?

Chimazungulira. Dzulo ndi yesterday, lero ndi today, mawa ndi tomorrow, koma dzana amati the day before yesterday, mkuja n'kuti the day after tomorrow. Kupitirira apo amangowerenga manambala: mtondo ndi in three days' time. Mukaona ago dziwani kuti zinapita kale, monga three days ago. Mukaona in kutsogolo kwa nambala, masikuwo akubwera.

Uthenga ndauona Lachinayi, ukuti msonkhano uli "tomorrow". Ndiye kuti Lachisanu?

Osathamanga. Tomorrow amawerengedwa kuchokera tsiku limene wolembayo analemba, osati tsiku limene inu mwawerenga. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa, makamaka ku East Bank (tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire) ndi madera ngati Makhanga kumene foni imatha kukhala masiku yopanda moto kapena netiweki. Uthenga wolembedwa Lachiwiri, n'kudutsa m'magulu atatu a WhatsApp, ukafika kwa inu Lachinayi "tomorrow" wake anali dzulo. Ndipo WhatsApp imaonetsa nthawi imene mnzanu wakutumizirani, osati imene uthengawo unalembedwa koyamba.

Nkhaniyi imakula pa machenjezo a nyengo. Anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amene anaona namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti madzi a Shire ndi Ruo sadikira. Chenjezo la nthambi yoona zanyengo likanena tonight kapena in the next 24 hours, yang'anani kaye deti limene lili pa chikalatacho. Ngati deti palibe, tsegulani wailesi kapena funsani a komiti yoona za ngozi m'mudzi mwanu.

Nanga "this Friday" ndi "next Friday" zimasiyana bwanji?

This Friday ndi Lachisanu la sabata ino. Next Friday ndiye wovuta, ndipo ngakhale eni chiyankhulocho samvana. Likanenedwa Lolemba, ena amatanthauza Lachisanu likubwerali, ena Lachisanu la sabata yamawa. Ine ndimaona kuti wolemba kalata ya ofesi sayenera kugwiritsa ntchito mawuwa popanda deti, chifukwa munthu wochokera ku Ngabu kapena Bangula amalipira thiransipoti kuti akafike pa boma. Wolandira uthenga afunse kuti, "Pepani bambo, mukunena pa deti lanji?" Palibe chamanyazi pamenepo. Last Friday nayenso ndi chimodzimodzi, ngakhale nthawi zambiri amanena Lachisanu langopitali.

Kalata ikuti "by Friday". Ndipite Lachisanu lenilenilo?

Lachisanu ndi malire. Mutha kupereka Lachitatu kapena Lachinayi, koma Lachisanu lisadutse. On Friday ndiye kuti tsiku lomwelo basi.

"Within five working days" amawerenga bwanji?

Working days ndi masiku ogwira ntchito m'maofesi: Lolemba mpaka Lachisanu, kuchotsapo maholide a boma. Nthawi zambiri tsiku limene kalata yalembedwa siliwerengedwa, mumayambira tsiku lotsatira. Tiyerekeze kalata yalembedwa Lolemba pa 13 Okutobala 2025. Lachiwiri pa 14 ndi tsiku loyamba. Lachitatu pa 15 ndi Tsiku la Anakubala, holide, ndiye mulidumphe. Pa 16 ndi pa 17 akwana atatu, Loweruka ndi Lamulungu osawerenga, Lolemba pa 20 akwana anayi, pa 21 ndiye lomaliza. Pakadalembedwa within five days chabe, popanda working, masikuwo akadathera Loweruka pa 18. Pa nkhani za ku khoti kapena ngongole, funsani kalaliki akuuzeni deti lenileni, poti malamulo ena ali ndi kawerengedwe kawokawo.

"Fortnight" n'chiyani?

Masabata awiri, masiku 14. Fortnightly ndiye kuti pakatha masabata awiri aliwonse, monga malipiro ena a ganyu.

"Every other day" ndi "the other day" n'zofanana?

Ayi ndithu. The other day ndi "tsiku lija", masiku apitawa, osatchula lenileni. Every other day ndi kudumphitsa tsiku limodzi: lero inde, mawa ayi, mkuja inde. Mukaona mawuwa pa pepala la mankhwala, musachoke pa windo la chipatala musanauze wopereka mankhwalayo kuti akulembereni masikuwo ndi mayina ake, Lolemba, Lachitatu, Lachisanu, Lamulungu, motero.