Ofufuza za nkhanza za m'banja akafika pakhomo panu: mafunso ndi mayankho

Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje tinazolowera kuona anthu a kafukufuku akuyenda khomo ndi khomo. Akamafunsa za zokolola kapena maneti a udzudzu timayankha momasuka, koma akatchula za kumenyedwa ndi kugwiriridwa ambiri timauma pakamwa. Awa ndi mafunso omwe ndimawamva kawirikawiri.

Poti sagamula milandu, akufuna chiyani?

Akufuna kudziwa kukula kwa vutoli ndiponso pomwe thandizo likuperewera. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16, amene inachita ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba, anapeza kuti amayi 34 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anamenyedwapo chikwanitsireni zaka 15, ndipo 42 mwa 100 alionse okwatiwapo anazunzidwapo ndi amuna awo. Pafupifupi theka la ozunzidwawo sanauzepo munthu aliyense. Koma ziwerengero za dziko lonsezi sizinena chomwe chimatsekereza mayi wa m'nyumba za pa esiteti ya tiyi kupita kupolisi. Kodi ndi ndalama ya kabaza? Kodi ndi mantha akuti bambo akamangidwa ntchito itha, nyumba nayo ilandidwa? Zimenezi angazinene ndi ife eni dera.

Amfumu avomera kale. Ine ndingakane?

Mungakane, mayi. Chilolezo cha amfumu ndi cha kwa DC n'cholowera m'mudzi basi. Ofufuza ayenera kukufotokozerani cholinga chawo m'chilankhulo chomwe mukumva, kenako n'kukupemphani inuyo. Mukhoza kudumpha funso kapena kusiyira panjira. Kukana sikungakuchotseni pa Mtukula Pakhomo kapena pa thandizo lina lililonse.

Bwanji amasankha munthu mmodzi pakhomo, n'kumupatula?

Apa m'pamene pagona chitetezo chanu, ndipo ndondomekoyi imachokera ku malangizo a WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi. Akafunsa anthu awiri nyumba imodzi, wozunzayo angadziwe zomwe mnzake wafunsidwa, ndiye ofufuza akangochoka ndeu ibuka. N'chifukwa chake kwa ena onse amangoti akufufuza za umoyo ndi moyo wa m'banja. Wina akatulukira muli pakati pocheza, wofunsa wophunzitsidwa bwino amasintha nkhani, n'kuyamba za sikelo ya mwana. Malo oduka mphepo akasowa, mafunso amenewa safunsidwa n'komwe.

M'midzi mwathu nyumba za mbumba zimakhala moyandikana, mawu a pakhonde amamveka kwa amayi aang'ono. Ine ndimati ndi bwino kupempha kuti mukachezere kudimba kapena tsiku lina. Wofunsa amene akuumirira kukufunsani apongozi ali pomwepo sakuidziwa ntchito yake, mukaneni.

Dzina langa lidzamveka?

Siliyenera kumveka. Mayankho amasungidwa ndi nambala, ndipo lipoti limanena za gulu. Funsaninso ngati kafukufukuyo anavomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, monga zomwe zili pansi pa National Commission for Science and Technology. Pokhapokha pa nkhani ya mwana amene akuchitidwa nkhanza m'pamene chinsinsi chili ndi malire, pakuti mwanayo ayenera kupulumutsidwa. Kuchokera mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Nanga ngati nkhanzazo zikuchitika panopa?

Musadikire kafukufuku. Wogwiriridwa afike kuchipatala, kaya cha boma cha Thyolo, cha Mulanje kapena chapafupi, pasanathe maola 72, kuti alandire PEP woteteza ku HIV ndi mankhwala oletsa mimba yosayembekezera. Zovala za tsikulo musachape, ndi umboni. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit. Pafoni, 116 ndi ya nkhani za ana, 5600 ndi ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, ndipo zonse n'zaulere. Wofufuza wabwino amayenda ndi mndandanda wa malo otere ndipo amakuuzani ngakhale musananene kuti mukuzunzidwa.

Si za ankhoswe zimenezi?

Ankhoswe ali ndi malo awo, amayanjanitsa pa kusamvana. Koma kumenya, kugona munthu momukakamiza ndi kumana banja chisamaliro zili m'lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006. Lamulolo limalola khoti la majisitireti kulamula wozunza kuti asiye, ngakhale kumutulutsa m'nyumba. Mawu akuti "banja ndi kupirira" abweza amayi ambiri kunyumba komwe anathawa ali ndi mabala.

Abambo amafunsidwanso?

Eya, m'kafukufuku wambiri. Alipo abambo ozunzidwa, ena ali pachikamwini, omwe amaopa kusekedwa. Komanso kupewa nkhanza sikungatheke osamva maganizo awo.

Tipindulapo chiyani?

Musayembekezere malipiro, kupatula mwina kubwezeredwa ya thiransipoti. Chomwe muyenera kufunsa pa tsiku loyamba lomwelo n'chakuti zotsatira adzabwera nazo liti ku makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC), kuti makomiti amenewa akhale ndi chogwira popempha khonsolo kuti iike wogwira ntchito yoteteza ana kapena ofesi yothandiza ozunzidwa pafupi ndi kwanu.