Kuwotcha pokodza: chifukwa chake kumwa madzi kokha sikuchiza

Kumva kuwotcha pokodza, kuthamangira kuchimbudzi pafupipafupi koma n'kungotuluka timadontho, kupweteka pachinena, mkodzo wa mbuu kapena wonunkha kwambiri, zonsezi ndi zizindikiro za matenda a m'chikhodzodzo. Nthawi zambiri amayamba ndi bakiteriya wotchedwa E. coli, yemwe kwawo ndi m'matumbo. Akakhala m'matumbomo savuta. Amavuta akasochera n'kulowa m'njira ya mkodzo. Amayi ndiwo amadwala kwambiri chifukwa njira yawo ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4 pomwe ya abambo imafika 20, komanso ili pafupi ndi kotulukira chimbudzi.

Mmene tizilomboti timakakamirira

Munthu amakodza kangapo patsiku, nanga bwanji mkodzowo sukokolola tizilomboti? E. coli ali ndi timaubweya tambirimbiri pathupi pake, ndipo kunsonga kwa kaubweya kalikonse kuli puloteni yotchedwa FimH. Puloteniyi imakola pa mtundu wina wa shuga, dzina lake mannose, umene uli pakhungu la m'kati mwa chikhodzodzo, monga momwe chisoso chimamatirira pachitenje. Mu 2002, Wendy Thomas, Evgeni Sokurenko ndi anzawo ku University of Washington, ku America, anapeza kuti FimH ikamakokedwa ndi madzi oyenda ndi pamene imagwira zolimba, ngati khwekhwe amene amathina nyama ikamaphupha. Gulu la Scott Hultgren ku St. Louis, ku America komweko, linaonetsanso, poyamba pa mbewa, kuti tizilombo tina tikakola timalowa m'kati mwa maselo a chikhodzodzo n'kuswana momwemo, komwe mkodzo sufika. Mitundu ina ya E. coli ili ndi ubweya wina wokola mu impso, ndipo imeneyo ndiyo yoopsa.

Choncho madzi ndi oteteza, osati ochiza. Pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2018, amayi 140 a ku Bulgaria odwaladwala matendawa, omwe ankamwa madzi ochepa, anawagawa pawiri. Amene anawonjezera malita 1.5 patsiku anadwala pafupifupi theka la maulendo amene anzawo anadwala. Koma ufa wa D-mannose wogulitsidwa pa intaneti musatayirepo ndalama. Nzeru yake imamveka, yoti tizilombo tikole pa ufawo m'malo mwa chikhodzodzo, koma atauyesa pa amayi 598 ku UK, zotsatira za mu 2024 zinaonetsa kuti sunachepetse matendawa.

Zoyenera kuchita

Pitani kuchipatala akapime mkodzo. Akakupatsani kabotolo, sambani m'manja, yambani kukodzera m'chimbudzi, kenako tcherani mkodzo wapakati. Woyambirira umatsuka litsiro la pakhungu ndipo umasokoneza zotsatira. Kaperekeni msanga, usagone.

Mankhwala amodzi odziwika ndi nitrofurantoin, amene kawirikawiri amamwedwa masiku 5. Imwani mutadya. Mkodzo ukasanduka woderako musadandaule, ndi mmene amachitira. Ululu umatha patatha masiku awiri kapena atatu, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amasiya, n'kusunga otsalawo kuti adzamwe tsiku lina. Malizani monga anakuuzirani. Kugula Bactrim kapena makapisozi pagolosale n'kosathandiza, chifukwa E. coli wambiri ku Malawi kuno anasiya kumva mankhwala amenewa, monga momwe kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre wakhala akuonetsera.

Musadikire kuti kuche ngati thupi latentha, mukunjenjemera, mukusanza, kapena msana ukupweteka mbali imodzi m'munsi mwa nthiti. Pamenepo matenda angakhale atafika mu impso ndipo angalowe m'magazi. Nitrofurantoin sagwira ntchito mu impso, pamafunika mankhwala ena, mwina a jakisoni. Zizindikirozi zimafanana ndi malungo, ndiye akapima malungo osawapeza, anenereni za mkodzowo. Mayi woyembekezera apimitse mkodzo kusikelo ngakhale sakumva kalikonse, popeza matendawa angachititse kuti mwana abadwe masiku asanakwane. Bambo, khanda, ndi wodwala shuga nawonso asadzipatse okha mankhwala.

Sikuti kuwotcha kulikonse ndi E. coli. Magazi otuluka kumapeto kokodza, makamaka kwa munthu wosamba kunyanja kapena kumadambo, kawirikawiri ndi likodzo, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel. Mafinya otuluka kumaliseche angakhale chinzonono, chimene chimafuna kuti onse awiri alandire mankhwala.

Podziteteza, musasunge mkodzo nthawi yaitali. Amayi, podzipukuta yambirani kutsogolo kupita kumbuyo. Kukodza mukangotha kugonana sikuvuta ndipo kungathandize. Wodwala amene anamuika paipi ya mkodzo, thumba lake lizikhala m'munsi mwa chiuno, osati pabedi, ndipo muzifunsa ngati paipiyo ikufunikabe, chifukwa tizilombo timamatirira pa iyo n'kupanga ndere imene mankhwala amavutika kuilowa.

Matenda akamabwerera limodzi ndi miyala

Ena amadwala mobwerezabwereza chifukwa cha miyala ya mu impso, imene imatchinga mkodzo. Miyala ikayamba munthu ali mwana kapena wachinyamata, mwinanso abale ake ali nayo, madokotala amaganizira matenda obadwa nawo otchedwa cystinuria. Impso zikamasefa magazi zimataya tizidutswa tomangira mapuloteni, totchedwa amino acid, kenako timakomo tapadera timatibwezera m'magazi. Kakhomo kena kamabweza ma amino acid anayi: cystine, lysine, arginine ndi ornithine. Kakakhala kolakwika, zinayi zonsezi zimapita ndi mkodzo. Zitatuzo sizivuta, koma cystine sasungunuka bwino, amaundana n'kukhala mwala.

Matendawa ndi osowa, pafupifupi munthu mmodzi pa 7,000 padziko lonse, ndipo amadziwika popima mkodzo pamakina oonera zinthu zing'onozing'ono, pomwe pamaoneka timiyala ta mbali 6. Wamkulu amene ali nawo amauzidwa kumwa madzi okwanira kutulutsa mkodzo wopitirira malita 3 patsiku, kumwa pogona ndi kudzukanso pakati pa usiku n'kumwa, chifukwa usiku ndi pamene mkodzo umakhala wochindikala. Achepetse mchere ndi nyama, ndipo dokotala angamupatse potassium citrate wothandiza kuti cystine asungunuke.