Musanagule supercharger, ganizirani dzuwa la ku Salima

Ambiri mwayendetsapo kale galimoto ya supercharger osadziwa. Mercedes yolembedwa Kompressor kumbuyo ili nayo, Nissan Note ya DIG-S yochokera ku Japan ilinso nayo. Ntchito yake ndi kukankhira mpweya wambiri mu injini kuti iwotche petulo wochuluka, mphamvu zikwere. Turbo imazunguzidwa ndi utsi wotuluka, pamene supercharger imakokedwa ndi lamba wa injini. Zimenezo zinaikidwa ndi fakitale, zonse zitayezedwa. Nkhani imasintha mwini galimoto akafuna kuwonjezera yekha pa injini yomwe inabwera yopanda chipangizochi, ndipo ndi funso lomwe eni magalimoto amasewera amandifunsa ku galaja kuno ku Salima: tigule iti?

Nditenge Toyota 86 ndi mnzake Subaru BRZ, zomwe zinatuluka mu 2012 ndi injini ya FA20 ya malita 2, yopereka ma horsepower pafupifupi 200. Makiti a supercharger a magalimotowa alipo ambiri, koma amagwa m'magulu awiri.

Gulu loyamba limatunga mpweya wofanana pa kuzungulira kulikonse. Edelbrock ya ku America ndi Harrop ya ku Australia amagwiritsa ntchito zozungulira za mtundu wa TVS za kampani ya Eaton, pamene Sprintex, yomwenso ndi ya ku Australia, ndi ya twin-screw, yomwe imafinya mpweya mkati mwake usanalowe mu injini. Ubwino wake mumaumva mukangoponda: mphamvu imabwera injini ikadali pa ma rev ochepa, kutanthauza ikuzungulira pang'onopang'ono. Popitirira thiraki ya mizimbe cha ku Dwangwa kapena pokwera zitunda za msewu wa M14 kupita ku Lilongwe, simuvutika kutsitsa giya.

Gulu lachiwiri ndi la centrifugal, monga HKS ya ku Japan, Vortech, ndi Jackson Racing yomwe imagwiritsa ntchito supercharger ya kampani ya Rotrex. Imeneyi imaoneka ngati theka la turbo. Pa ma rev ochepa siipereka zambiri, ndipo ena amakhumudwa tsiku loyamba poganiza kuti ataya ndalama. Injini ikamakwera kupita ku ma rev 7,000, mphamvu imakwera nayo.

Otsatsa malonda amaonetsa nambala yaikulu ya ma horsepower, koma nambalayo imayezedwa pa petulo wabwino kwambiri, nthawi zambiri kumalo kozizira. Kuno zinthu ndi zina. Mpweya uliwonse ukafinyidwa umatentha, monga mmene mpope wa njinga umatenthera m'manja mukamapopa tayala. Onjezanipo dzuwa la Okutobala ndi Novembala kuno kunyanja. Onjezaninso kuti tili m'munsi, mamita pafupifupi 500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ali pamwamba pa mamita 1,000. Mpweya wathu ndi wothinana kuposa wa kumtunda, choncho galimoto yomwe kompyuta yake yatchunidwa ku Lilongwe, kapena ku Johannesburg komwe ndi kokwera kwambiri, ikatsikira ku Senga Bay imameza mpweya wochuluka komanso wotentha kuposa umene anaitchunira. Injini ya FA20 imafinya kale kwambiri, 12.5 kwa 1. Zikakumana zonsezi petulo amaphulika nthawi yake isanakwane, injini imagogoda, ndipo kugogodako ndi kumene kumaswa mapisitoni ndi kupinda ma conrod, zitsulo zolumikiza mapisitoni ndi shafti ya injini.

N'chifukwa chake ine ndimayamba ndayang'ana choziziritsira mpweya, intercooler, ndisanayang'ane china chilichonse. Makiti a TVS amaziziritsa ndi madzi: pali karediyeta kena kutsogolo ndi kapampu kamagetsi. Amagwira bwino, koma galimoto ikaima nthawi yaitali padzuwa injini ikulira, madziwo amatentha ndipo amachedwa kuzizira. Kapampuko kakafa, palibe phokoso lokuchenjezani. Makiti ambiri a centrifugal amaika intercooler yaikulu kutsogolo yoziziritsidwa ndi mphepo basi. Ilibe pampu yoti ife, ngakhale miyala ya m'misewu yathu imatha kuiboola.

Ndiye pali petulo. Wa pa filling station amasakanizidwa ndi ethanol, wina wake wopangidwa konkuno ku Dwangwa, ndipo ethanol amathandiza kuchepetsa kugogoda. Vuto limabwera mafuta akasowa, munthu n'kugula a m'zigubu osadziwa chomwe athiramo. Injini wamba imapirira. Injini ya supercharger ikhoza kuwonongekeratu pa ulendo umodzi wokha.

Kwa munthu wokhala kuno amene galimotoyo ndi yoyendera tsiku ndi tsiku, ine ndimalangiza centrifugal yokhala ndi pulley (gudumu lokokedwa ndi lamba) yopereka mpweya wochepa, pafupifupi theka la bar pa muyezo wa kafinyidwe ka mpweya. Poti siikankha kwambiri pa ma rev ochepa, pomwe injini imagogoda msanga, imasunga injini ndi kalachi. Dziwani kokha kuti Rotrex imafuna oyilo wakewake, wa injini salowamo, ndiye muitanitsiretu pamodzi ndi kitiyo. Amene amakonda mphamvu ya pompopompo atenge TVS, koma akulitse rediyeta ya intercooler ndipo asayerekeze petulo wa m'chigubu.

Pogula, funsani ngati kitiyo imakwana pa galimoto ya chiwongolero chakumanja. Ya ku Japan ndi ya ku Australia inapangidwira magalimoto onga athu, koma ya ku America muyenera kutsimikiza. Pa mtengo muwerengerepo msonkho wa MRA, lamba wapadera wosungira, choziziritsira oyilo, mabuleki abwino, ndiponso kutchuna kompyuta ya galimoto. Chomalizachi musachinyalanyaze chonde. Wotchunayo mumuuze kuti galimoto imakhala ku Salima, m'munsi komanso kotentha, asiye mpata wokwanira m'malo mofinya mphamvu zonse. A inshuwaransi nawonso auzeni kuti mwasintha injini, galimoto isanalowe pamsewu.