Ayi, si osauka onse ankapita ku workhouse

Ndatopa nazo kumva zoti ku England m'zaka za m'ma 1800 munthu wa kumudzi akasauka kapena kudwala basi ankangomutsekera ku workhouse (nyumba yosungiramo osauka momwe ankawagwiritsanso ntchito), zakhala zikunenedwa kwa zaka koma si zoona. Inde lamulo lokhudza osauka la 1834 linalimbikitsa ma workhouse ndipo moyo wa mmenemo unali wowawa, koma ambiri olandira chithandizo ankalandirira pakhomo pawo pomwepo makamaka okalamba, akazi amasiye ndi odwala, ankawapatsa buledi, ufa, timashilingi pa sabata. Wodwala dokotala ankatha kumulembera nyama ngakhale vinyo. Zinali zochepa ndithu, ena ankagonabe ndi njala, zimandimvetsa chisoni. Mabuku omwe ankalembamo zopereka alipobe kosungira zakale, ena ali pa intaneti, yang'anani nokha muone zaka ndi zomwe ankagawa. Chonde tisamangosheya zomwe sitinafufuze.