Masongola ku Zomba: chifukwa chake khoma lakale silifuna simenti

M'munsi mwa phiri la Zomba, kufupi ndi Botanic Gardens ndi mtsinje wa Mulunguzi, muli nyumba ya nsanja ziwiri za madenga osongoka. Nsongazo ndi zimene zinaipatsa dzina loti Masongola. Anaimanga ndi John Buchanan mu 1886, kumangira kazembe wa Britain, A. G. S. Hawes. Buchanan anali Msikotishi amene anabwera kudzagwira ntchito ya kumunda ku mishoni ya Blantyre, kenako n'kudzatsegula minda yake ya khofi ndi nzimbe ku Zomba. Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda m'dziko muno, atafika mu 1891 anakhala m'nyumba yomweyi, ndipo Zomba anakhala likulu la dziko mpaka 1975, pamene boma linasamukira ku Lilongwe. M'kupita kwa nthawi nyumbayi inasanduka malo ogona alendo a boma, kenako hotela.

Kuti mumvetse nyumba za nthawi imeneyo, yambani mwaganizira za mayendedwe. Njanji ya pakati pa Nsanje ndi Blantyre inatsegulidwa mu 1908. Isanabwere, katundu wochokera kunja ankakwera Zambezi ndi Shire pa sitima, kenako amtengatenga ankamusenza pamutu. Simenti inali yodula moti panalibe womangira nayo khoma lonse. Amisiri ankaumba ndi kuwotcha njerwa pamalo pomwepo, n'kumangira dothi kapena laimu wosakaniza ndi mchenga. Mitengo ya denga, zitseko ndi mawindo inkachokera m'nkhalango: mbawa, mlombwa, ndipo m'zaka zotsatira mkungudza wa ku Mulanje, umene chiswe sichiukonda. Dzina lake la sayansi, Widdringtonia whytei, linachokera kwa Alexander Whyte, yemwe anayambitsa Botanic Gardens ya ku Zomba ija.

Khoma lotere limakhala lochindikala, njerwa imodzi ndi theka kapena ziwiri, ndiye kuti masentimita 35 mpaka 45. Masana limamwa kutentha pang'onopang'ono, usiku n'kukutulutsa. Siling'i yayitali imakweza mpweya wotentha pamwamba pa mitu ya anthu. Khonde lalikulu ambiri amaliona ngati malo ongomwerapo tiyi, koma ntchito yake yeniyeni n'kuteteza khoma kuti mvula ndi dzuwa zisalimenye. Ku Zomba, kumene mvula imagwa yambiri ndipo madzi amatsetsereka kuchoka kuphiri, khonde ndi ngalande n'zimene zimasunga nyumba.

Njerwa zakale n'zofewa ndipo zimamwa madzi. Laimu ndi wofewa kuposa njerwa, choncho chinyezi chikalowa m'khoma chimatulukira m'mizere ya pakati pa njerwa, khoma n'kuuma. Mzere ukadyeka umabwezeretsedwa, njerwa ili bwinobwino. Tsopano mwininyumba akaona pulasitala akuyoyoka, amaitana mmisiri amene amamata simenti yolimba ndi kupaka penti wamafuta. Chaka choyamba khoma limaoneka latsopano. Koma chinyezi chochokera pansi chasowa potulukira. Chimakwera mpaka pafupifupi mita imodzi, chitanyamula mchere wa m'dothi, ndipo mcherewo ukauma umaswa nkhope ya njerwa kuseri kwa simenti. Mukagogoda ndi chala n'kumva ngati ng'oma, dziwani kuti pulasitala wasiyana ndi khoma, ndipo kuseri kwake njerwa zasanduka ufa.

Kukonza kwabwino kumayambira kumwamba ndi pansi, khoma limabwera pomaliza. Kwerani mu siling'i tsiku la mvula muli ndi tochi. Malata akale amayamba dzimbiri polumikizana ndi pamisomali, ndipo pa nyumba ya nsanja ngati Masongola, malo okayikitsa kwambiri ndi pamene denga la nsanja likumana ndi denga lalikulu, poti masamba amaunjikana pamenepo. Bayani mitengo ndi sikuludiraiva kunsonga kumene yalowa m'khoma. Ikalowa mosavuta, mtengo waola kapena chiswe chadya m'kati, ngakhale kunja ukuoneka wabwino. Timisewu tadothi pakhoma ndi chizindikiro cha chiswe. Musangotikolopa, titsateni mpaka kumene tachokera.

Mukatero tsikani pansi. Dothi lakunja lizikhala masentimita osachepera 15 m'munsi mwa pansi pa nyumba, ndipo lizitsetsereka kuchoka kukhoma. Pa zaka zambiri dothi limakwera chifukwa cha kusesa ndi mabedi a maluwa ogundana ndi khoma. Maluwawo amakongoletsa ndithu, koma amene amawathirira m'mawa uliwonse akuthiriranso maziko. Achotseni, fukulani ngalande zakale zimene zinakwiririka.

Madzi akatsekedwa, gumulani simenti ndi nyundo ndi tchizulo, osati galainda, imene imadula m'mphepete mwa njerwa. Lisiyeni khoma liume. Khoma lochindikala limatenga miyezi, n'chifukwa chake ntchitoyi ndi yofunika kuiyamba mu Meyi kapena Juni. Kumbani mzere uliwonse kuya kwake kukhale kawiri kukula kwake: mzere wa sentimita imodzi, kuya masentimita awiri. Laimu waufa muviikeni mu dramu kwa sabata kapena kupitirira mpaka akhale ngati phala lolimba, madzi atamuphimba pamwamba. Sakanizani ndowa imodzi ya laimu ndi ndowa zitatu za mchenga wa kumtsinje wosefa, wopanda dothi. Valani magolovesi ndi magalasi, laimu amawotcha khungu ndi maso. Nyowetsani khoma musanamate. Mukamata, phimbani ndi masaka onyowa kwa sabata, chifukwa laimu amalimba pang'onopang'ono pomwa mpweya, ndipo akauma msanga amang'aluka n'kuyoyoka. Pomaliza pakani laimu wamadzimadzi katatu kapena kanayi, mosiyanitsa tsiku limodzi.

Ming'alu si yonse yoopsa. Ikani chizindikiro cha pensulo kunsonga kwa mng'alu, yezani kukula kwake, lembani deti, n'kudzayezanso dzinja likatha. Ngati sunasinthe, ndi bala lakale, mateni ndi laimu. Ngati ukukula, kapena wapitirira mamilimita 5, kapena ukutsika ngati masitepe kulunjika pakona, maziko akusuntha ndipo pakufunika injiniya. Nyumba ikakhala kuti inalembedwa m'kaundula wa zipilala za dziko, chilolezo cha dipatimenti yoona za zinthu zakale chimafunika musanagumule kapena kusintha chilichonse, ngakhale windo limodzi.