Mphete yotola pa bichi si yanu ayi

Anthu ambiri amaganiza kuti ukagula metal detector, makina osakira zitsulo zokwiririka pansi, chilichonse chomwe yalira n'kufukula ndi chako basi, eti chotola si kuba. Ku England zimenezo sizigwira.

Tiyerekeze mwafukula mphete yaukwati mumchenga, mkati mwake mwalembedwa zilembo za maina ndi deti ya ukwati. Mwini wake sanaitaye, inangovuka chala chitazizira m'madzi, ndiye ikadali yake. Lamulo la Theft Act 1968 limati mukasunga chinthu pomwe mukudziwa kuti mwini wake akanapezeka mukanayesetsa, ndiye kuti mwaba. Kuyesetsako si nkhani yovuta, kufunsa oyang'anira bichi, kupositi pa gulu la Facebook la m'deralo koma osaonetsa zomwe zalembedwa mkatimo, kuti wonena kuti ndi yake atchule yekha, apo ayi akamberembere akudyerani.

Zakalekale ndiye zili ndi lamulo lake, Treasure Act 1996. Chinthu choposa zaka 300 chokhala ndi golide kapena siliva wosachepera 10 peresenti muyenera kukanena kwa coroner (mkulu waboma wofufuza za imfa ndi chuma chofukulidwa) pasanathe masiku 14, komanso m'munda mwa munthu simukumba popanda chilolezo chake. Terry Herbert atapeza chuma chakale cha golide ndi siliva chotchedwa Staffordshire Hoard mu 2009 anakanena, ndipo anagawana ndi mwini munda ndalama zoposa mapaundi 3 miliyoni. George Powell ndi Layton Davies anabisa chuma chomwe anafukula ku Herefordshire mu 2015 n'kumagulitsa mobisa, mu 2019 onse awiri anakalowa kundende.