Centurion anali kuti pamene Detroit inkapsa?

Anandifunsa zimenezi ndi mnyamata wina wa ku Ndirande, Loweruka madzulo, tili anthu asanu patebulo m'fulati ya ku Rosettenville. Magetsi anali atapita, madayisi tikuwerengera tochi ya foni. Ndayendetsa masewerowa zaka zambiri muno mu Joni, ena mochita kulipidwa, koma tsiku limenelo ndinangoti kakasi.

Kwa inu amene simunawaonepo, masewero apatebulowa ndi nthano yokambirana. Munthu mmodzi, woyendetsa, amafotokoza mzinda, adani ndi zimene zagwa. Ena onse aliyense ali ndi ngwazi yake yolembedwa papepala: wina amauluka, wina amanyamula basi ndi dzanja limodzi, wina amadziwa zimene uli kuganiza. Ukanena zimene ngwazi yako ikufuna kuchita, madayisi ndiwo amagamula ngati zatheka. Ndi nthano ya agogo yomwe ija, kungoti oyankha "tili tonse" nawonso ali ndi mphamvu yoikhotetsa.

Buku lililonse la masewerowa limabwera ndi dziko lake. Champions, imene Hero Games inatulutsa mu 1981, ili ndi Millennium City, mzinda womangidwa pamabwinja a Detroit. M'nkhani yawoyo, chigawenga chotchedwa Doctor Destroyer chinaphwasula Detroit mu 1992. Mutants & Masterminds, yolembedwa ndi Steve Kenson n'kutuluka ku Green Ronin mu 2002, ili ndi Freedom City, kwawo kwa Centurion, ngwazi yoposa zonse kumeneko, amene anafa mu 1993 polimbana ndi mdani wotchedwa Omega. Mabukuwa amachokera kunja, ndipo ukaponya marandi ako pa buku sufuna lizingodya fumbi pashelefu. N'chifukwa chake pafupifupi woyendetsa aliyense amatapa apa ndi apo.

Inenso ndinatapa. Mizinda iwiriyo ndinaiika m'dziko limodzi osaganiza kawiri. Mnyamata uja anangochita masamu a Sitandade 2. "Achimwene, mwati Detroit inapsa 1992, Centurion wamwalira 1993. Ndiye kuti anali moyo. Anali kuti? Kapena anali kudimba?" Tebulo lonse linafa nacho chiseko, ndipo masewero anaima theka la ola anthu akuweruza mlandu wa malemu.

Ambiri akamayamba kusakaniza amaopa manambala, koma manambala ndiye ntchito yopepuka. Lamulo lake n'loti usakopere nambala, funsa kuti munthuyo amatha kuchita chiyani. Mu Champions, mphamvu ya 10 imanyamula makilogalamu 100, ndipo ukawonjezera 5 katunduyo amawirikiza kawiri, mwakuti wa 60 amanyamula matani 100. Mu kope lachitatu la Mutants & Masterminds, sitepe iliyonse imodzi ndiyo imawirikiza, ndiye matani 100 omwewo ali pa 12. Chimphona cha 60 uku n'cha 12 uko. Ukalemba 60 momwemo, wapanga munthu woti akayetsemula Gauteng yense achoke pamapu. Kamenyedwenso n'kosiyana. Champions imagwiritsa madayisi ambali zisanu ndi chimodzi, n'kumachotsera manambala awiri otchedwa STUN (kuti asakomoke) ndi BODY (kuti asafe) munthu akamenyedwa. Inayo ili ndi dayisi imodzi yokha yambali 20, yomenyedwayo amaponya kuti tione ngati wapirira. Ine sindivutika n'kumasulira mzere uliwonse. Ndimalemba zinthu zitatu zimene mdaniyo amadziwika nazo, n'kumumanga mwatsopano pamlingo wa osewera anga, amene nthawi zambiri amayambira pa mlingo wa mphamvu (power level) 10 ndi mapointi 150 omangira ngwazi. Zina zonsezo palibe adzazifunse.

Chimene adzafunse ndi mbiri. Apa ine ndimayendera chikamwini. Dziko limodzi likhale eni mudzi, zochokera m'mabuku ena zonse ndi akamwini. Mkamwini amabwera ndi dzina lake, luso lake, ngakhale khasu lake, koma manda a makolo ake sabwera nawo, ndipo malire a munda salozera ndi iye. Ukatenga Doctor Destroyer, tenga chisoti chake, kudzikuza kwake ndi asilikali ake. Detroit isiye kwawo, kapena uisunthire chaka china Centurion atagona kale. Ukaumirira kubweretsa zonse, uyenera kukhala ndi yankho lokonzeratu, chifukwa patebulo sipalephera kukhala wowerengera zaka.

Eni mudzi ndiwonso amanena kumene mphamvu zimachokera, ndipo apa m'pamene ambiri amagwa. Freedom City ndi ya mtima wa mayi, imalandira zonse: amatsenga, ochokera kumiyamba, asayansi openga, milungu yakale. Aberrant, ya White Wolf ya mu 1999, si choncho. Kumeneko anthu amphamvu amatchedwa nova, anayamba kuonekera siteshoni ya mumlengalenga yotchedwa Galatea itaphulika mu 1998, ndipo mphamvu zawo zili ndi gwero limodzi, kachiwalo ka mu ubongo. Kukoma kwa dziko limenelo kwagona pomwepo, poti zinthuzi n'zachilendo ndipo maboma sakudziwa pogwira. Ukalowetsamo mfiti yazaka 500 yochokera m'buku lina, wathyola msana wa nkhani. Koma nova mmodzi akhoza kukwatira ku Freedom City popanda wodandaula. Ulendowu umayenda mbali imodzi, ndipo woyendetsa azidziwa kuti ndi mbali iti asanagule buku lachiwiri.

Patebulo langa pano, eni mudzi si Detroit kapena Freedom City. Ndi Joni yemweyu. Gwero la mphamvu ndinalitenga ku Vredefort, kum'mwera chakumadzulo kwa mzinda uno, kumene chimwala chochokera kumwamba chinagwa zaka pafupifupi 2 biliyoni zapitazo. Zimenezo n'zoona, zopeka zanga zikuyambira apa: chinasiya kanthu pansi, ndipo migodi imene yakumbidwa chipezekereni golide mu 1886 inakafika pa kanthuko. Ndiye aliyense wamphamvu m'nkhani yathu ali ndi agogo amene anatsika mumgodi. Kwa ife Amalawi zimenezi sizifuna kufotokoza kwambiri. Ndani alibe wachibale amene anapita ku Wenela kapena ku Theba? Mayi wina amene timasewera naye atamva izi anasintha ngwazi yake pomwepo, nati mphamvu zake zinabwera m'sutikesi yachitsulo imene agogo ake anabwera nayo ku Dedza. Buku la ku America silikanamupatsa zimenezo.

Mabungwe nawo amafuna mpeni. Champions ili ndi VIPER, gulu la zigawenga zovala zobiriwira lofuna kulamulira dziko, Freedom City ili ndi SHADOW, yofuna zomwezo. Oteteza dziko lonse uku ndi UNTIL, uko ndi UNISON. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Sankha limodzi, linalo likhale nthambi yake kapena lopikisana nalo pamsika wa zida. Ine ndinasunga VIPER basi, chifukwa zisa zake zobisika zimakwana bwino m'migodi yosiyidwa, ndipo osewera amalikumbuka dzina.

Pali china chosawerengeka ndi dayisi, ndicho kakomedwe ka nkhani. Masks, ya Magpie Games, ndi ya achinyamata a ku Halcyon City amene nkhondo yawo yaikulu ndi zimene akuluakulu amawanena. Ukawatumizira mdani wopha mizinda, misozi yawo ya kusukulu imasanduka yopanda pake. Kumeneko ndimangobwerekako funso loti akuluakulu akukuona bwanji, lomwe kwa mwana wobadwira ku Turffontein makolo ali a ku Mangochi si lachilendo.

Za Centurion ndinakayankha Loweruka lotsatira. Ndinati anaitanidwa, koma tsiku lomwelo anali pansi pa nthaka kuno, akutseka chinthu chimene anthu amumgodi anatsegula, ndipo kalata yofotokoza zonse ili m'chipinda china pamwamba pa Ponte, nyumba yaitali yosanjikizana ya muno mu Joni. Mnyamata wa ku Ndirande anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatola dayisi yake.

"Chabwino achimwene. Lifiti ikuyenda, kapena tikwera masitepe nsanjika 54 zonsezo?"